Kupuma Katatu

Anaikoka dzulo ndi thirakitala ya a Chidzanja
kuchokera kunjira yafumbi kuseri kwa Bembeke
kumene anyamata amathamangitsana Loweruka
popanda chikho, popanda owombera m'manja
kupatula amayi ogulitsa kachewere.
Nambala seveni yolembedwa ndi penti wa zitseko.
Zakeyu anali pachiwongolero, chipewa chikadali kumutu
ngati wina amuuza kuti mpikisano sunathe.

Akuti panali pa kona yachitatu.
Inatsokomola kamodzi, mphamvu n'kuthawa,
kenaka inayamba kutsimphina.

Ine ndakulira m'mapisitoni.
Minibasi, zigayo, malole a matabwa a ku Chongoni,
zonsezo zimasinja, kukwera ndi kutsika ngati munsi.
Iyi sisinja ayi.
M'mimba mwake muli chitsulo cha ngodya zitatu ngati samusa
chozungulira m'chipinda chonga khoko la mtedza,
ndipo zilipo ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo.
Pansonga iliyonse pali kampeni kopyapyala
koletsa mpweya kuthawira kwa mnzake.

Nkhungu yatsika kale m'phiri, zala zachita dzanzi.
Esime, unika apa, osati nkhope yanga.
Batire lili bwino. Moto ukufika.
Petulo ndi wa m'zigubu za kumalire, koma sananame.
Madzi sanalowe mu oyilo.
Mapulagi akutsogolo ndi ouma, ofiirira ngati chitumbuwa,
akumbuyo ndi onyowa, imodzi yabenthuka mlomo.

Geji yanga anaibwereka chaka chatha, sinabwerere.
Ndatsala ndi chala chachikulu ndi khutu.
Zakeyu, ponda, potokola kiyi.

Kutsogolo: phu, phu, phu.
Atatu ofanana, ana a mimba imodzi.
Kumbuyo: phu,
kenaka fuu, fuu, kunong'ona chabe.
Bwerezanso.
Phu. Fuu, fuu.

Kampeni kamodzi kathyoka.
Chipupa chimodzi chikagwa, zipinda ziwiri zimasanduka chimodzi,
n'chifukwa chake awiri afooka, wachitatu akudzitama yekha.
Ndipo chibenthucho sichinatuluke mwaulemu,
ndikudziwa chakanda khoma lonse popita.

Zakeyu akufunsa mtengo.
Ine ndikufunsa chifukwa,
pakuti chitsulo sichithyoka popanda mboni.

Ndatsata timapaipi tating'ono ngati matumbo a nkhuku
tochokera ku kapampu ka pansi apo,
todontheza oyilo m'moto momwemo.
Injini iyi imamwa oyilo dala,
utsi wake si matenda, ndi kapumidwe kake.
Izi ndaziwerenga usiku wathawu pafoni ya Esime,
magalasi ali pamphuno, makala akuzima m'mbaula.

Apa tochi yaima.
Kapaipi kakumbuyo n'kopinda, komanga ndi waya.
Mfundo yake yopotera kumanzere, kawiri,
nsonga n'kuibisa mkati kuti isabaye munthu.
Dedza yense amaidziwa mfundo imeneyi.
Ili pageti la tchalitchi chathu,
ili pansi pa minibasi iliyonse yopita ku Lobi.

Munali mu Meyi.
Anabwera akudandaula za utsi ndi kadontho pasimenti.
Ndinamanga, ndinalandira faivi sauzande ndi chimanga chootcha,
ndinamusisita paphewa, nkuti pita, yachira.
Kuyambira tsikulo kampeniko kakhala kakuthamanga kukhosi kouma,
Loweruka lililonse, osadandaula,
ine ndikuuza anthu kumsika kuti galimoto ija ndi dzanja langa.

Esime wayang'ana waya, wayang'ana ine,
wasunthira tochi kumatayala
ngati kumeneko kuli kanthu.
Mwana wanga, bweza kuwalako pomwe kunali.

Zakeyu, tsika, bwera uone.
Timipeni tidzaitanitsa ku Joni,
mwina titenga miyezi iwiri, mwina itatu,
khomalo tiona tikatsegula.
Kachewere wanga wa kudimba akhwima mu Okutobala
ndipo za mtengo usandifunsenso.
Gwira pulayala iyi.
Masula wekha, pang'onopang'ono, kumanja,
uone mmene ndimamangira zolimba.